Manda a Mwana Wanga Ndinakumba Ndekha

Abale anga, ndithokoze akulu a mpingo pondipatsa mpata uno. Ndikuona ambiri a inu mukadali m'majombo a kunkhondo, ndipo ndamva kuti m'matumbamo muli zitupa zoyendetsera galimoto zimene mwabwera nazo kuchokera kumeneko. Zabwino zimenezo. Ndamvanso kuti sabata yathayi ena mwa inu munayenda wapansi mpaka ku Namitete, kukaima pageti pa esiteti tsiku lathunthu, ati chifukwa kwafika malole awiri atsopano. Tsono ndikufunseni: kodi munapita kukafuna ntchito, kapena kukasirira penti? Musaseke ayi. Ine penti yomweyo inandikumbitsa manda a mwana wanga ndekhandekha, anthu a m'mudzi mwanga ali khale kundiyang'ana.

Kwa amene simundidziwa, ndine Yelemiya. Kwathu ndi kuseri kwa Nsaru uku, pa msewu wopita kwa Kabudula. Nyumba ya amayi anga inali m'mbali mwenimweni mwa msewu, moti lole ikadutsa fumbi limalowa mpaka m'nkhokwe. Ine chiwongolero sindinaphunzirire kunkhondo ngati inu. Ndinayamba ndi usipanala boyi pa lole ya mmwenye wina ku boma la Lilongwe, masiku aja njanji itangofika kumene ku Salima. Zaka zitatu ndili kupukusa hendulo, kuthira madzi mu injini, kuthamanga ndi chigogo kukatchinga tayala pachitunda. Dalaivala akatopa ankandisiyira mpando, ndiye mmene ndinadziwira. Tsiku limene ndinalandira chitupa changa, ndinayenda m'tauni muja ngati misewu yonse analambulira ine.

Ntchito zinandipeza ziwiri sabata imodzi. Yoyamba inali kwa Che Saidi, bambo wa Chisilamu uja wa sitolo pa Nambuma. Anali atagula lole yakale kwa mmwenye yemwe uja, chitseko chake chomanga ndi waya, hutala yolira ngati mbuzi yachimfine. Anandikhazika pa thumba la mchere m'sitolo mwawo n'kundiuza mofatsa.

"A Yelemiya, lole yanga ndi yokalamba, mwaiona. Imanyamula mchere, nsalu, mtedza. Lachisanu masana imaima, ine ndikapemphere. Lamulungu ndi lanu, mukapemphere inu. Kwanu kukagwa zovuta, mumasiya galimoto n'kupita, osafunsa kawiri."

Mukuganiza kuti ndinamva? Makutu anali pamenepo, koma maso anali pa waya wa pachitseko uja. Ndinati mumtima, ine ndivutike zaka zitatu kuti ndizikadutsa kwathu pa chiphakasa chimenechi?

Yachiwiri inali pa esiteti ina ya fodya cha ku Namitete. Mwini wake anali mzungu amene anthu anamutcha Bwana Msangamsanga, chifukwa m'chinenero chathu mawu amene ankawadziwa bwino ndi amenewo. Kumeneko sanandikhazike pansi. Kapitawo wake anangondiloza lole yatsopano yobiriwira, yonunkhira penti, n'kundiponyera jekete la khaki, kapusi ndi nsapato. Sindinafunse kanthu, ngakhale funso limodzi. Ndinavala n'kukadziyang'ana pagalasi la lole lija, basi ntchito ndayamba. Chaka chomwecho ndinakwatira Nambewe wa kwa Mpingu, n'kuchita chitengwa, kubwera naye kwathu, poti dalaivala wa mzungu sangakhale mkamwini wosesa pakhomo pa eni. Tinamanga pafupi ndi amayi, ndipo Mulungu anatipatsa mwana wamkazi, Esinati.

Maliro oyamba kundiphonya anali a amalume anga, amene anandilera bambo atamwalira. Inali nyengo yogula fodya. Ndinapita kwa kapitawo chipewa chili m'manja. Iye anapita nane kwa bwana, bwana n'kufunsa kudzera mwa kapitawo yemweyo kuti, "Ukapita, adzuka?" Tamvani funsolo, abale. Munthu wobadwa mwa mkazi kufunsa mnzake funso lotero! Anati ndikatuluka pageti, chiwongolero apatsa wina, ine ndibwerere konyamula mabelo. Ndinayang'ana lole ija, ndinayang'ana jekete langa, ndinakwera n'kupita ku Salima.

Kuchokera apo zinangotsetsereka. Maliro achiwiri ndinapempha monyinyirika. Achitatu sindinapemphe n'komwe. Achinayi ndinayamba kuyankha ndekha amithenga ndi mawu a bwana aja, ngati ndi nzeru zanga. Manyazi akandigwira, madalaivala anzanga anali ndi mankhwala ake, botolo la kachasu pansi pa mpando. Poyamba ndinkamwa ndikatsitsa katundu. Kenako ndikamakweza. Kenako paliponse pamene pakhosi pauma.

Tsono nkhani ya masamba. Nonse mukudziwa kuti pamudzi pakagwa zovuta timadula nthambi n'kuyala pamsewu, uku ndi uku, kuti wodutsa adziwe. Wa njinga amatsika, wa chipewa amavula, wa galimoto amayenda pang'onopang'ono osaimba hutala. Masiku oyamba inenso ndinkatero. Koma kapitawo ankakhala pambali panga ndi wotchi ya bwana m'manja, ndipo ndikangochotsa phazi pamoto amati, "Masamba amenewa akulemba ntchito ndi iwo?" Sipanatenge nthawi, ndinazolowera. Ngakhale kapitawo asakhalepo, masamba ndinkangowaponda ngati zinyalala.

Tsiku lina ndinachita zimenezi m'mudzi mwathu momwe. Anamwalira akazi awo a Mkanthama. A Mkanthama ndiwo mkulu wa adzukulu kwathu, gulu lija lokumba manda, ndipo palibe munthu wa m'mudzi mwathu amene anaikidwa popanda dzanja lawo. Manda athu ali kutsidya kwa msewu. Ndinatulukira pakona ndi mabelo odzaza, kachasu ali m'mutu, anthu ali pakati pa msewu kuwoloka ndi maliro. Ndinaimba hutala. Inde, ndinaimba, kawiri. Onyamula maliro anathawira m'ngalande, maliro anatsala pang'ono kugwa pansi, ndipo amayi onse olira ndinawasiya m'fumbi akutsokomola.

Lamulungu lotsatira amayi anga anandifunsa pakhomo, anthu akumva. "Iwe Yelemiya, n'chiyani chimene wachitachi? Unabadwa kwa yani iwe?"

Ine, ndi kapusi yanga kumutu, ndinati, "Amayi, msewu ndi wa boma, si wa maliro."

Pakamwa panga pano ndi pamene panatuluka mawu amenewo. Sindinamizira mzungu, sindinamizira kachasu. Tsiku limenelo ndinali ndisanamwe.

Chaka chotsatira, m'nyengo yachisanu, ndinatha sabata yathunthu ndikuyenda njira ya ku Salima osafika kwathu. Nditabwerako, mmawa wake anandituma kukatenga fodya pamsika wa kwa Kabudula. Ndinanyamuka ku Namitete lole ili yopanda kanthu, ikudumpha ngati mwanawang'ombe. Nditadutsa Nsaru, ndinaona masamba pamsewu polowa m'mudzi mwathu. Ndinangoti, wafanso ndani, n'kuwaponda. Ndinacheukira kunyumba monga mwa chizolowezi changa, kuti mwina Esinati ali pakhomo andiimikire dzanja. Ndinaona amuna atakhala pakhonde pa nyumba yanga. Osati ya amayi, osati ya oyandikana nawo. Yanga.

Mabuleki ndinaponda mpaka lole inapingasa msewu. Ndinatsika injini ikulira. Palibe amene anandipatsa moni, palibe amene anandisunthira malo. Ndinamva mawu a Nambewe m'nyumba, mawu oti atha kale ndi kulira. Amayi anatuluka n'kundigwira mkono.

"Esinati watisiya dzulo masana. Chikuku. Tinatuma munthu wa njinga kawiri ku esiteti kwanuko, atadwala, ndiponso atatisiya."

Palibe anandiuza, abale. Uthenga unafika kawiri, palibe anandiuza.

Ndikadali chiimire, ndinazindikira chinthu china. Dzuwa linali litakwera, ndipo nthawi imeneyo adzukulu amakhala atapita kale kumanda, makasu akumveka. Koma onse anali khale pansi pa mtengo wa mthethe pafupi ndi nyumba, ena akupota fodya. A Mkanthama anadzuka pang'onopang'ono, khasu kudzanja ili, bango kudzanja linalo.

"A dalaivala, mwafika? Timadikira inu. Khasu ili."

Ndinati, "A Mkanthama, pepani, ine ndine wofedwa."

"Ifenso tinali ofedwa tsiku lija munatiimbira hutala. Zaka zitatu simunaponde pamaliro a munthu m'mudzi muno, angakhale a malume anu. Paja munati msewu ndi wa boma, eti? Chabwino. Manda ndi athu. Nyumba iyi ikaona zovuta, lero kaya mawa, khasu lake ndi lomweli."

Anandipatsa bango lija. Ndi limene anayezera mwanayo, kuti ndidziwe kutalika kwa dzenje. Nditaliimika pansi, silinafike n'komwe m'chiuno mwanga.

Tinawoloka msewu, kuzungulira lole yanga yomwe, kulowa kumanda. Anandilozera malo pafupi ndi agogo anga, iwo n'kukakhala pamizu ya mitengo. Ndinavula jekete n'kuyamba. Inu mukuidziwa nthaka ya kwathu m'nyengo yachisanu, yofiira, youma gwa. Khasu limangodumpha. Manja anga anali atafewa ndi chiwongolero, moti ndisanafike m'mawondo matuza anali ataphulika, mpini ukuterera ndi magazi. Pakhosi panauma ndi kachasu wa dzulo lake, koma wondipatsa madzi panalibe. Ndikaweramuka, ndimaona amuna khumi ndi mphambu, anzanga osewera nawo, ena tinavinidwa limodzi ndisanalowe mpingo, ali phee. Sanandinyoze, sanaseke. Bola akadanditukwana. Kutsidya kwa msewu kulira kwa Nambewe kumamveka, kuleka, kuyambanso, ndipo ndinadziwa kuti mwana wanga akugona pamphasa kudikira bambo wake amalize.

Dzuwa linafika pamutu, linapendeka. Dzenje linali lokhota, lofika m'chiuno basi. Ndinagwada m'dzenjemo, manja osagwiranso mpini. Apo ndi pamene a Mkanthama anabwera pamphepete.

"Tulukamo. Mwanayu sanatilakwire. Tikukonzera iye, osati iwe."

Analowamo atatu, ndipo kanthawi kochepa anamaliza chimene chinandikanika tsiku lonse. Esinati tinamuika dzuwa likulowa, mothamanga, nyimbo imodzi yokha.

Mukuganiza kuti zinathera pomwepo? Mmawa wake, tikadali pasiwa, anafika kapitawo ndi dalaivala wina kudzatenga lole. Sanapite kukapepesa kwa amayi, sanakhale pansi. Anaima pabwalo n'kunena kuti bwana akufuna jekete, kapusi ndi nsapato zake, poti ndinasiya galimoto pamsewu fodya n'kugona pamsika. Ndinamufunsa za uthenga uja. Anayankha osaphethira n'komwe.

"Unafika, inde. Koma bwana anati dalaivala akamva zotere sayendetsa bwino. Timati tikuuze fodya akatha."

Fodya akatha! Mwana wanga akupuma movutika, akuitana bambo wake, anthu awiri anakhala pansi n'kugwirizana kuti masamba ouma afike kaye pa sitima. Ndipo bwana ameneyu ndi amene ndinamusankha ndekha, osakakamizidwa, chifukwa cha penti. Zaka zitatu ndinamutumikira, dzina langa sanalidziwe. Ndinavula zonse pamaso pa anthu a pamaliro, ndinatsala ndi malaya amkati, wopanda nsapato, ndipo lole inapita ikuponda masamba a maliro a mwana wanga.

Apa munthu wanzeru akadagwada. Ine ndinakwiya. Ndinalumbira kuti sindidzapondanso pamaliro a munthu aliyense wa m'mudzi umenewo, poti anandichititsa manyazi. Chaka chathunthu ndinachithera m'kachasu. Mbuzi za amayi zinathera momwemo. Malume ake a Nambewe anabwera kuchokera kwa Mpingu n'kumutenga, ndipo sindinawaperekeze n'komwe. Mpingo unandiika pa chilango. Ndinkakhala m'mbali mwa msewu ndi chitupa changa m'thumba, lole ikadutsa ndikukuwa kuuza dalaivala kuti wasintha giya mochedwa. Ana anayamba kundiyeserera. Tsiku lina anandidzutsa m'ngalande yomwe ija imene ndinathamangitsiramo maliro, nkhumba ikundinunkhiza kumaso.

Tsono mvetserani apa, chifukwa ndi pamene Mulungu anandigwira. Sanandigwire ndi mphezi kapena maloto ayi.

Mmawa wina ndinapita kwa amayi kukafuna phala, mutu ukuwawa. Amayi anali atayamba kutsokomola miyezi imeneyo, thupi likutha. Ndinawapeza atagwada pakhomo akumanga mtolo. Bulangete lawo, nsalu ziwiri, kamphika, buku lawo la nyimbo, ndi mphasa yopinda pambali. Ankamanga ndi luzi, mfundo ikukanika.

Ndinati, "Amayi, ulendo wa kuti?"

"Kwa Chitukula, kwa mng'ono wanga."

"Kukacheza?"

Anamaliza kaye mfundo ija, kuikoka ndi mano. Kenako anandiyang'ana, osakwiya, osalira.

"Ndikukafera kumeneko, Yelemiya. Chifuwachi sichindisiya. A Mkanthama ananena kuti nyumba ino khasu lake ndi lomwe lija, ndipo iwe sunachite chilichonse kuti abweze mawuwo. Ine ndinaona za Esinati. Sindifuna kudzagona pamphasa tsiku lonse, ntchentche zikundizungulira, kudikira kuti iwe uyambe watsitsimuka kaye ndiye ukumbe. Kwa mng'ono wanga ndikakhala mlendo, koma akandiika ngati munthu."

Ndinati, "Amayi, mudzi uno ndi wanu."

"Ndi wanga, inde. Amayi anga agona kutsidya apo. Ana anga atatu agona apo. Mdzukulu wanga wagona apo. Malo anga ndinawaona kale, pakati pawo. Koma ndabereka mwana mmodzi wamwamuna wotsala, ndipo wanditsekera njira yopita kumeneko. Tandisenza mtolowu."

Abale, ine ndanyozedwapo ndi mzungu, ndavulidwapo malaya pagulu, koma palibe chinandilasa ngati mawu akuti tandisenza. Mayi wondibereka kundipempha kuti ndimusenze katundu woti akafere kwa eni, chifukwa cha ine. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, n'kugwira mtolo uja ndi manja awiri ngati wina akundilanda.

Ndinati, "Amayi, ndipatseni dzinja limodzi. Likatha zinthu zili chomwechi, ndidzakusenzani ndekha mpaka kwa Chitukula."

Amayi anatenga mphasa yokha n'kulowa nayo m'nyumba. Mtolo sanamasule. Anauika pakona, womanga chomwecho, kuti ndiziuona tsiku lililonse ndikalowa.

Choyamba chinali kachasu. Musanamizidwe kuti amasiyidwa pang'onopang'ono. Ndinadzitsekera m'nyumba masiku anayi, thupi likunjenjemera, thukuta, kusanza, mkulu wa mpingo mmodzi atakhala pakhomo kuti ndisatuluke. Njira yodutsa kwa mayi wotcheza uja ndinaisiya, ndinkazungulira kudambo ngakhale kutalike.

Kenako ndinagwira tambala n'kupita kwa a Mkanthama. Ndinagwada pabwalo pawo, ndinapepesa za akazi awo, kutchula chimene ndinachita mmene chinalili, osachepetsa. Anandisiya chigwadire mpaka anamaliza kusema mpini umene ankasema.

"Tambalayo bwerera naye, sagwira khasu. Ukamva kulira m'mudzi muno, tizikupeza kumanda. Zikakwana ndidzakuuza ndine, usadzandifunse."

Ndinayamba. Kukagwa zovuta, ndinkakhala woyamba kufika kumanda ndi khasu langa. Ulendo woyamba palibe anandiyankhula, ndipo chakudya cha adzukulu chitabwera anadya atandifulatira. Ulendo wachiwiri chimodzimodzi. Pena wina amati, "Samalani, a dalaivala angatiimbire hutala m'dzenjemu," onse n'kuseka, ine n'kumeza. Ndinakumbira nkhalamba, ndinakumbira makanda, ndinakumbira ndi munthu amene ankanditukwana ndili chidakwa. Mvula, dzuwa, ndinalipo. Dzinja lija litatha, tsiku lina mnzanga wina anangosuntha pang'ono pamene amadya n'kunena kuti, "Iwe, samba m'manja." A Mkanthama sanaletse. Nditakawauza amayi, madzulo ake ndinapeza buku lawo la nyimbo labwerera pawindo.

Ntchito ndiye inatsala. Ndinayenda wapansi mpaka pa Nambuma, ndikuyeseza m'njira mabodza oti ndikanene. Nditafika, Che Saidi anandikhazika pa thumba la mchere ngati kale, n'kundiuza kuti nditambasule manja. Anayang'ana zikang'a zija.

"Manja awa si a chiwongolero, a Yelemiya."

Mabodza onse anandithawa. Ndinawauza zonse, za masamba, za hutala, za Esinati, za ngalande. Anati anazimva kale, amangofuna aone ngati ndinene ndekha. Anati mwezi woyamba azikhala pambali panga ulendo uliwonse, ndipo akangomva fungo la mowa kamodzi, tisiyana mwamtendere. Lole inali yomwe ija, waya wa pachitseko atangosintha wina. Ndinaipukusa hendulo ngati ndikupatsa moni mbale wanga.

Chiyeso chinabwera m'nyengo yogula mtedza, matumba ali mulu pakhonde pa sitolo. Kunabwera uthenga woti kwathu kwamwalira munthu, osati mbale wanga, mkamwini chabe wa m'mudzi. Ndinaima pafupi ndi lole, chipewa m'manja, pakamwa posatseguka, poti ndinali nditazolowera yankho lija. Che Saidi anatuluka m'sitolo n'kundikalipira, koyamba ndi kotsiriza.

"Mwaimiranji apa? Simunamve uthenga? Mtedza suwola lero. Tengani njinga yanga, pitani!"

Ndinapalasa njinga ija ndikulira ngati mwana. Chaka chimenecho mpingo unandibwezera, ndipo patapita nthawi Nambewe anavomera kubwerera, atandiyesa kokwanira, poti naye si munthu wopusa.

Tsono inu anyamata, ndamva ena mukunena kuti kunkhondo mwaona anthu akufa ngati ziwala, osaikidwa n'komwe, ndiye za maliro a kumudzi n'zotayitsa nthawi. Ndikukuuzani, kumeneko kunali kwa eni, kuno ndi kwanu. Sindikuti musagwire ntchito kwa mzungu, kapena kuti Msilamu aliyense ndi Che Saidi. Alipo amwenye ankhanza, alipo anthu akuda anzathu oposa Msangamsanga kuipa mtima, kapitawo uja anali wa konkuno. Ndikuti bwana woyamba ndi amene amakuumba, chifukwa umafika kwa iye uli wosadziwa kanthu, ndipo chimene iye achiyesa chabechabe nawenso umayamba kuchiyesa chabechabe. Musanagwire chiwongolero chake, mufunseni maso ndi maso kuti kwathu kukagwa zovuta mudzatani. Akaseka, kapena akati tidzaona, tembenukani pomwepo, ngakhale lole yake ikhale yowala bwanji. Fufuzani dalaivala amene anachokapo mumufunse chimene anachokera. Ndipo dziwani kuti uthenga wochokera kwanu uzifikira m'manja mwa yani. Ine funso limeneli ndikadafunsa, mwina mwana wanga akadafera m'manja mwanga.

Amayi anga Mulungu anawasunga zaka zina zinayi, akutsokomola chomwecho. Mawu aja akuti zakwana, a Mkanthama sanandiuze, ndipo ine sindinafunse, monga anandilamulira. Choncho zaka zonsezo ndinkakhala ndi mantha amodzi, kuti tsiku la amayi likadzafika, adzukulu adzakhalanso pansi.

Tsikulo linafika dzinja lapitali. Ndinali ku boma kokatenga mchere. Uthenga utafika pa Nambuma, Che Saidi anatseka sitolo, anakwera njinga m'matope, n'kudzandichingamira panjira. Anati nditsitse iwo ndi mchere pa mphambano, ine ndipite ndi lole kwathu. Ndinagona pasiwa. Kutangocha, ndinatenga khasu langa kuseri kwa nyumba osauza munthu, ndinawoloka msewu. Ndinati ngati n'kukumba ndekha, ndiyambe msanga, amayi asadikire.

Ndisanalowe m'mitengo muja ndinamva makasu. Ndinapeza dzenje lafika kale m'chifuwa, dothi lofiira lili mulu, amuna akusinthana, ena akuseka nkhani zawo monga amachitira adzukulu. A Mkanthama, okalamba tsopano, anali khale pamphepete ndi ndodo yawo akuwongolera. Atandiona anakwinya nkhope.

"Iwe Yelemiya, ukufuna chiyani kuno ndi khasu?"

Ndinati, "Ndimati ndidzathandize."

"Wayamba liti wofedwa kukumba? Siya khasulo apo. Bwerera kunyumba ukalire mayi ako."

Ndinabwerera. Ndinakhala pakhonde pakati pa amuna, anandisunthira malo, ndipo ndinalira mmene sindinalirirepo, kulirira amayi ndi Esinati yemwe, amene tsiku lake ndinalibe mpata womulira. Amayi tinawaika dzuwa lili pamutu, mosathamanga, nyimbo zonse zimene ankazikonda zinaimbidwa, ndipo agona pamalo paja anadzisankhira, pakati pa anthu awo.

Ulemu upite kwa Mulungu amene anandibweza. Zanga ndi zomwezi, abale, ndakhala pansi.